Chaka chatha tili mnyumba yopanda makoma ambiri, nawa maganizo anga pa ofesi yomwe inatijambulira pulani

Papita chaka ndi miyezi itatu chilowereni mnyumba yathu yatsopanoyi ndiye ndaona kuti pano ndingathe kunena zenizeni za ofesi yomwe inatijambulira pulani, chifukwa ndikanalemba mwezi woyamba uja bwenzi ndikungotamanda chilichonse, paja nyumba ikamanunkhirabe penti munthu suona cholakwika. Dzina la ofesiyo sinditchula poti muli zina zomwe ndidandaule mmunsimu ndipo ndi anthu oti ndimawalemekezabe mpaka pano. Ndi kaofesi kakang'ono, muli akitekiti mmodzi wamkulu, bambo ofatsa olankhula pang'onopang'ono, ndiye pali mtsikana wina amene amajambula pa kompyuta komanso injiniya amene amangoitanidwa pakafunika kuwerengera za maziko ndi mitanda. Ife ndife banja la anthu asanu, ine, amuna anga ndi ana atatu, woyamba ndi mtsikana wa zaka 14, wachiwiri mnyamata wa zaka 9, chitsiriza ali ndi zaka 3. Amayi anga nawonso amabwera kudzakhala nafe miyezi ingapo pachaka, zimenezi muzisunge chifukwa zibweranso kutsogoloku.

Chomwe tinkafuna chinali nyumba yosadzadza ndi katundu, ija amaitcha minimalist, yokhala ndi malo amodzi aakulu oti khitchini, podyera ndi pabalaza zikhale pamodzi popanda makoma odula pakati. Tinali titatopa ndi nyumba ya lendi yomwe tinkakhala, tizipinda tambirimbiri tothinana, kolido yamdima yoti masanasana umayatsa getsi, ndipo ine ndikamaphika ndinkakhala ngati andithamangitsira kuseri pomwe anthu onse akuseka pabalaza. Ndiye ndinapita ku miting'i yoyamba foni itadzadza ndi zithunzi za pa Pinterest ndi Instagram, zipinda zoyera mbee, sofa imodzi, kaduwa kamodzi pakona, basi.

Bambo aja zithunzizo anaziona mwina mphindi ziwiri zokha kenako anandibwezera foni nkuyamba kufunsa mafunso oti sindinkawayembekezera olo pang'ono. Mumadzuka nthawi yanji, amayamba kulowa kubafa ndani, ana akaweruka kusukulu zikwama amaziponya pati, homuweki amalembera pati, zovala zakuda zimadikira kuti zisanachapidwe nanga zikauma zimakhala pati zisanasitidwe, awirinu mukayambana amene akufuna kukhala payekha amapita kuti. Funso lomalizali linatikhalitsa chete tonse awiri koma linali funso lanzeru kuposa onse, chifukwa mnyumba yopanda makoma munthu wokwiya alibe kolowera ngati simunamuganizire pa pulani. Atatha apo anati akufuna kubwera kunyumba ya lendi ija adzaone mmene timakhalira, ndipo anatipempha kuti tisakonze chilichonse, tisasese mwapadera, tisabise zinthu pansi pa bedi. Anabweradi Loweruka lina mmawa ndi tepi yoyezera ndi kabuku, anawerenga nsapato zomwe zinali pakhomo, anayeza mapoto, anatsegula makabati atapempha chilolezo, anafunsa kuti masutikesi timawasunga kuti, njinga ya mwana imagona pati, ayironi ndi tebulo lake zimakhala kuti. Anatisiyiranso ntchito yoti kwa sabata yathunthu tizilemba kuti nthawi yakutiyakuti aliyense ali mbali iti ya nyumba ndipo akutani.

Ndinene zoona, nthawi imeneyo zinkanditopetsa, ndinkaona ngati akutichedwetsa poti ine ndinkafuna ndione chithunzi cha nyumba yanga mwachangu. Koma pano ndikayang'ana mmbuyo, mwa ndalama zonse zomwe tinawalipira, gawo limeneli ndi lomwe linapindula kwambiri.

Pa miting'i yachiwiri anatiyalira zithunzi za nyumba ziwiri zakale patebulo, anati tisankhe kuti tikufuna kutsata njira iti. Yoyamba inali Farnsworth House ya ku Illinois ku America, yomwe anajambula Mies van der Rohe ndipo inatha kumangidwa mu 1951. Ndi nyumba yokongola zedi, magalasi mbali zonse, mkati ngati chipinda chimodzi, yaima pa mizati yachitsulo yoyera mmphepete mwa mtsinje. Koma anatiuza kuti inamangidwira munthu mmodzi, dokotala wamkazi dzina lake Edith Farnsworth, kuti azikapumulako kumapeto kwa sabata, ndipo iyeyo anadandaula kuti mnyumbamo mulibe pobisala komanso malo osungira zinthu ndi ochepa, mpaka iye ndi wojambulayo anakathera kukhothi. Yachiwiri inali Rietveld Schröder House ya ku Utrecht ku Netherlands, ya mu 1924, yomwe Gerrit Rietveld anajambula mothandizana ndi mwini wake Truus Schröder, mayi wamasiye wa ana atatu. Pamwamba pa nyumba imeneyo masana pamakhala malo amodzi otseguka, usiku amakoka makoma otsetsereka nkukhala zipinda zogona, ndipo mayiwo anakhalamo mpaka pomwe anamwalira mu 1985. Ndiye bambo aja anati, mayi, zithunzi zomwe mwabweretsa zija ndi za nyumba yoyambayi, koma moyo womwe mwalemba mkabukumu ndi wa nyumba yachiwiriyi. Mawu amenewo ndi omwe anandigwetsa mtima pansi ndipo kuyambira pamenepo ndinasiya kulimbana nawo.

Pulani yomwe anatibweretsera inali chonchi. Pakati pa nyumba pali chipinda chachikulu cha mamita 9 mulitali ndi 5 mulifupi, khitchini ili kumapeto kumodzi, tebulo lodyera pakati, pabalaza kumapeto kwinako. Pambali pa pabalazapo pali malo ena a mamita 3.6 mbali zonse omwe amatseguka ndi kutsekeka ndi khoma lotsetsereka la mapanelo atatu. Zipinda zogona anazichepetsa dala, bedi, wadirobu ndi podutsa basi, anati kuchipinda mumapitako kukagona, malo otsalawo tiwapereke komwe mumakhala maso. Kolido kulibe kwenikweni kupatula kachidutswa kakafupi kolowera kubafa ndi kuzipinda za ana. Kuseri kwa khitchini kuli kachipinda kena kobisika komwe kuli makina ochapira, mashelefu a zakudya ndi sinki yachiwiri. Ndipo khoma limodzi lalitali la chipinda chachikulucho lonse ndi makabati kuchokera pansi mpaka ku siling'i, akuya masentimita 60, zitseko zake zopanda zogwirira, zopakidwa penti yofanana ndi khoma moti mlendo akalowa amangoona ngati ndi khoma wamba.

Ndiyambe ndi khoma lotsetserekalo chifukwa ndi lomwe anthu amandifunsa kwambiri. Mapanelo ake amalendewera kumwamba pa njanji yachitsulo, pansi palibe njanji iliyonse, anachita dala kuti mwana asamapunthwe komanso kuti fumbi ndi timiyala tisamaunjikane mmenemo nkumagwira mawilo. Mapanelowo ndi olemera, ndi amatabwa odzadza mkati, osati zitseko zija ukazigogoda zimalira ngati ng'oma, chifukwa chitseko chopepuka sichitchinga mawu. Kulemera kumeneko ndi komwe kunachititsa kuti injiniya aike mtanda wachitsulo pamwamba, anafotokoza kuti mtanda ukangowerama pang'ono pakati mapanelo ayamba kukhula pansi kapena kutsetserekera okha pakatikati, ndiye apa sipofunika kuumira. Anatifotokozeranso kuti nyumba yonseyi katundu wa denga wanyamulidwa ndi makoma akunja ndi mizati iwiri yobisika mmakabati, makoma amkati sakunyamula kanthu, ndiye tsiku lina tikafuna kugwetsa kapena kusuntha limodzi denga silingatsike. Anati maganizo amenewa ndi akale, akitekiti wina wotchuka dzina lake Le Corbusier anajambula kale chimango cha mizati ndi masilabu a konkire chotchedwa Dom-Ino cha mma 1914 pofuna kuti makoma amkati aziikidwa paliponse pomwe mwini nyumba wafuna.

Malo amenewa tawagwiritsa ntchito mnjira zambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Masiku wamba amakhala otsegula, mwana wamng'ono amaseweramo ine ndikumuona ndili pa sinki. Madzulo timakoka mapanelo awiri mkuluyo nkumawerengeramo. Amayi anga atabwera tinatsitsa bedi lopindika lomwe limabisika mkabati ndipo chinakhala chipinda chawo kwa miyezi itatu, pafupi ndi bafa la alendo, osakwera sitepe iliyonse, ndipo chomwe chinawasangalatsa nchoti masana ankatsegula panelo imodzi nkumacheza nane ndikuphika iwo ali pabedi pawo mwendo ukawavuta. Mnyamata wanga atadwala tinamugoneka momwemo kuti asapatsire mng'ono wake. Tsiku lokumbukira kubadwa kwa amuna anga tinatsegula zonse tinakwana anthu oposa makumi awiri popanda wina kuima pakhomo. Pa ichi chokha ndingawapatse bambo aja ulemu wonse.

Koma pali vuto lake lomwe sanatiuze momveka. Poti mapanelo amalendewera, pansi pamatsala kampata pafupifupi sentimita imodzi, ndipo mawu amadutsa pamenepo ngati madzi. Kuwala nakonso kumadutsa. Amayi amagona msanga, ndiye miyezi itatu ija ifeyo tinkayenda monyang'ama ikangokwana 8 koloko usiku, TV motsitsa kwambiri, mbale kutsuka mmawa. Nditawadandaulira anavomera kuti pali timizere tamphira tomwe timatsika tokha panelo ikatsekedwa ndipo timayenera kuikidwa popanga mapanelowo, anati anatichotsa pa mndandanda pochepetsa bajeti. Chomwe chinandiwawa sikuchotsako ayi, koma kuti anachotsa osatifunsa, pomwe iwo ankadziwa bwinobwino kuti mmenemo muzigona munthu wachikulire.

Za makabati ndilibe dandaulo lililonse, ndipo apa ndi pomwe ndinamvetsa kuti nyumba yooneka yopanda zinthu si nyumba yopanda zinthu, ndi nyumba yomwe chinthu chilichonse chili ndi kwawo. Kuwerenga nsapato kuja kunali ndi ntchito. Pakhomo polowera pali kabenchi kokhalapo povula nsapato, pansi pake madirowa, pambali kabati yokhala ndi zokolekera zisanu, aliyense chake, za ana zili mmunsi moti ngakhale wa zaka 3 uja amakoleka yekha kachikwama kake. Mkhoma la makabati lija muli malo a tsache ndi mopu, malo a tebulo lositira lomwe limangotuluka ukakoka, malo a masutikesi pamwamba, mabokosi a zidole mmunsi, ndi kadesiki kamodzi kotsekeka komwe kuli kompyuta ndi mapepala onse a nyumba, ukatseka zitseko zingwe zonse zabisika. Bambo aja anatiuza kuti nyumba zachikale za ku Japan zimatha kukhala ndi chipinda chimodzi chogwira ntchito zingapo chifukwa zogonera amazipinda mmawa nkuziika mkabati yamkhoma, ndipo zitseko zawo zotsetsereka zotchedwa fusuma zimasintha kukula kwa chipinda, ndiye chinsinsi chagona pa kabatiyo osati pa kukula kwa malo. Ndaziona ndekha kuti nzoona. Madzulo timatenga mphindi khumi tonse kubwezera zinthu mmalo mwake ndipo chipinda chimabwerera mwakale.

Komabe musanamizidwe, makabati sanakwanire katundu yense yemwe tinali naye, ndipo iwo anatiuziratu kuti sadzakwanira. Anatipatsa muyeso wa malo omwe aliyense adzakhale nawo, zotsalazo tinagawa kwa abale ndi kugulitsa tisanasamuke. Panali mipando ina yomwe amuna anga ankaikonda kwambiri, panali mbale za alendo zomwe sizinagwirepo ntchito zaka zisanu ndi chimodzi, panali mabokosi omwe sitinawatsegule chisamukireni ulendo wapitawo. Inali sabata yowawa ndipo tinakanganapo kangapo, koma palibe chomwe ndachisowa mpaka lero kupatula poto mmodzi wamkulu yemwe ndinadzagulanso.

Tsopano dandaulo langa lalikulu, phokoso. Abale, nyumba yotseguka imasokosa. Pansi tinaika matailosi, makoma ndi apulasitala wosalala, mbali imodzi ndi magalasi, siling'i ili mamita 3.2 kutalika, ndipo zonsezi ndi zinthu zolimba zomwe zimabweza mawu mmalo mowameza. Sabata yoyamba supuni ikagwa pansi imamveka nyumba yonse, mwana akalira umangomva ngati akulira awiri, wina akayatsa blenda ndiye kuti amene akuonera TV angodikira. Usiku wina mtsikana wanga anatseka mabuku nkunena kuti amayi nyumba yakale ija inali yoipa koma munthu umatha kuganiza, zinandilasa mumtima chifukwa nyumbayi tinamangira iwowo. Pa zithunzi za 3D zomwe ofesi inatipatsa zonse zinali zokongola koma chithunzi sichimveka mawu, ndipo pa miting'i yonse yomwe tinachita nkhani ya phokoso inangotchulidwa kamodzi modutsa. Munthu amene anafunsa mpaka za komwe timapita tikayambana samayenera kuiwala zimenezi.

Pokonza anatithandiza ndithu, ndisawanamizire, ndipo ulendo umenewo sanatilipiritse. Anabwera nkuima pakati pa chipinda nkuwomba mmanja kamodzi, tonse tinamva mawu akubwerera. Anatiuza kuti tiike kalipeti wamkulu wokhuthala pabalaza, makatani olemera ofika pansi oti akhale ndi mapindo ambiri, shelefu ya mabuku yotseguka pakhoma loyang'anana ndi magalasi, timphira kumiyendo ya mipando yonse, ndipo pamwamba pa tebulo lodyera tinakhoma timatabwa tamipatamipata tokhala ndi chinsalu chomeza mawu kuseri kwake. Zasintha kwambiri, pano timatha kucheza patebulo wina akutsuka mbale osakuwa. Koma taonani, zinthu zonsezi ndi zomwe zithunzi za pa intaneti zija zimachotsa kuti chipinda chioneke choyera, ndiye amene mukufuna nyumba yotere dziwani kuti nsalu ndi matabwa si zokongoletsa chabe, ndi zomwe zimachititsa kuti mukhalemo mwamtendere. Zikanakhala pa pulani kuyambira pachiyambi bwenzi zitatchipa komanso zitaoneka bwino kuposa kuphatika pambuyo.

Lachiwiri ndi fungo la kukhitchini. Pa pulani anangojambula kuti pamwamba pa chitofu padzakhala chokoka utsi, osalemba kuti cha mtundu wanji, ndiye amisiri anaika chija chimangosefa mpweya nkuubwezera mnyumba momwemo. Chimenecho chimagwira mafuta pang'ono ndi fungo pang'ono koma nthunzi sichichotsa, ndiye ukakazinga anyezi sofa imadziwa, makatani amadziwa, ngakhale mayunifolomu a ana omwe ali pa zokolekera pakhomo amadziwa. Mnyumba yokhala ndi khitchini yotseka ungapirire, koma muno ayi. Tinachita kuboola khoma lomalizidwa kale nkudutsitsa paipi ya masentimita 15 yotulutsira utsi panja, fumbi lake linali losaneneka ndipo pentiyo pamalopo mpaka pano imaoneka kusiyana ukayang'anitsitsa. Apa ofesi inati ndi amisiri, amisiri anati ndi pulani, ine ndikuti wojambula ndi amene amayenera kulemba chifukwa ndi amene ankadziwa kuti khitchiniyi ilibe chitseko.

Kupatula pamenepo khitchiniyo anaiyeza bwino. Matebulo ophikira ndi a masentimita 90 kutalika, pakati pa makabati akukhoma ndi tebulo lapakati lija anasiya mita imodzi ndi masentimita 20, ndiye anthu awiri timadutsana wina atatsegula uvuni popanda kugundana. Sinki anaiika moti ndikamatsuka ndimayang'ana kuchipinda osati kukhoma. Kachipinda kakuseri kaja ndiye ndi mpulumutsi, alendo akabwera mwadzidzidzi mapoto akuda amangolowa mmenemo nkutseka chitseko, makina ochapira nawo amalirira momwemo. Pachiyambi ndinkafuna tikachotse kuti chipinda chachikulu chikule, iwo anakana kawiri konse mwaulemu, ndipo ndikuthokoza kuti anakana.

Kuwala ndi mpweya anazigwira bwino kwambiri mbali yaikulu. Mawindo ali mbali ziwiri zoyang'anana ndiye ukatsegula uku ndi uku kamphepo kamadutsa, komanso pamwamba pafupi ndi siling'i pali timawindo tating'ono totulutsa mpweya wotentha poti umakwera mmwamba. Masana sitiyatsa getsi paliponse, olo kubafa. Denga analitulutsa kunja mokwanira moti dzuwa lamasana likakhala pamutu silimenya magalasi. Pomwe anaphonya ndi windo limodzi lalikulu loyang'ana kolowera dzuwa, chifukwa dzuwa lamadzulo limabwera chammbali motsika ndiye denga silingalitchinge, kuyambira cha mma 3 koloko mpaka kulowa kwake mbali imeneyo ya tebulo sipakhalika nyengo yotentha. Ndinene chilungamo, apa anatichenjeza, ndife tinaumirira chifukwa cha maonekedwe a kunjako, ndipo tadzala mtengo panja tikudikira ukule. Magetsi anawagawa patatu, khitchini switchi yake, podyera yake, pabalaza yake, mababu ake ndi ofiirira pang'ono aja a 3000K osati oyera ngati akuchipatala, ndiye usiku ukazimitsa kukhitchini nkusiya pabalaza pokha chipindacho chimaoneka ngati chachepa, chimakhala chofunda. Kanthu kakang'ono koma kamasintha zambiri. Soketi yapansi pakati pa chipinda ndiye anaiwala, sofa yathu ili pakatikati kutali ndi khoma ndipo nyale yowerengera ilibe pobaya, chingwe chimadutsa pansi pa kalipeti, chinthu chomwe sindisangalala nacho ndi mwana wamng'ono mnyumba.

Kumbali ya kagwiridwe ka ntchito, bambo aja akakhala nawe maso ndi maso ndi munthu womvetsera kwambiri, samakudula mawu, samakuchititsa manyazi ukafunsa funso lophweka, ndipo amajambula pa pepala pomwepo kuti umvetse. Amuna anga sadziwa kuwerenga pulani ndiye tsiku lina anatitengera pamalo pomwe timamanga, anakhoma zikhomo nkumanga zingwe kusonyeza chipinda chilichonse, tinayenda mkati mwa zingwezo ngati nyumba yatha kale, mpomwe tinaona kuti bafa la ana linali lothina ndipo analikulitsa maziko asanakumbidwe. Koma mukasiyana, kuwapeza pa foni ndi nkhani ina. Uthenga wa pa WhatsApp umatha masiku anayi osayankhidwa, mapepala atsatanetsatane a makabati anachedwa milungu itatu akalipentala akungodikira, ndipo mu mgwirizano munalembedwa kuti azibwera pamalo omangira kawiri pamwezi koma miyezi ina ankabwera kamodzi. Ndikudziwa kuti ndi ofesi yaing'ono ndipo ntchito zimawachulukira, koma chokoka utsi chija chikanagwidwa msanga akanabwera sabata yomwe chinkaikidwa. Mtsikana wojambula uja ndi amene ankatipulumutsa nthawi zambiri, ankayankha olo usiku, ndipo ndikukhulupirira amamuyamikira mokwanira kuntchitoko.

Malipiro anali mzigawo, gawo loyamba pa zokambirana ndi zojambula zoyamba, lachiwiri pa mapulani opita kukavomerezedwa, lachitatu pa kuyang'anira ntchito yomanga, ndipo zonse zinalembedwa, panalibe ndalama yotulukira panjira. Anatilola kusintha pulani katatu osawonjezera kanthu. Chimodzi chomwe anatiuziratu ndipo chinapezeka choona nchoti nyumba yooneka yophweka siitchipa, chifukwa palibe pobisa cholakwika, khoma likapindika pang'ono limaoneka, mzere wa kabati ukasemphana ndi wa chitseko umaoneka, ndiye pamafunika amisiri odekha ndipo amisiri odekha amatenga nthawi.

Penti yoyera yosawala yomwe inali pa zithunzi za 3D inatha miyezi iwiri yokha, timanja ta mwana tinadinda paliponse ndipo ukapukuta imasiya chipsera. Tinapakanso yochapika yotuwirako pang'ono. Izi ndimayembekezera kuti munthu wojambulira banja la ana atatu anena yekha.

Chomwe sindinkachiganizira nkomwe ndi mmene nyumbayi yasinthira kakhalidwe kathu. Ana aamunawa amakhala pafupi nane nthawi zonse, wa zaka 9 uja wayamba kuthandiza kuphika chifukwa choti amangoona zikuchitika ali patebulo ndi homuweki yake, amuna anga nawo sangakhale pa sofa ine ndikuvutika ndi mbale pamaso pawo, amadzuka okha. Koma mtsikana wamkuluyu zaka zake ndi zofuna chitseko, ndipo kachipinda kake kochepa kaja kamamupanikiza poti amakhalamo nthawi yaitali kuposa mmene pulani inkaganizira. Pomwe tinkalemba mkabuku kaja anali ndi zaka 11 ndipo ankakonda kukhala pamiyendo panga, pofika polowa mnyumba anali munthu wina. Ndikanakhala kuti ndikuyambiranso bwenzi nditachotsa mita imodzi pa chipinda chachikulu nkuipereka kuchipinda chake kuti mulowe desiki yabwino ndi mpando wa mnzake wodzacheza. Ndimaona kuti ofesi ikanatifunsa osati za sabata imodzi yokha koma za zaka zisanu zikubwerazo, mwana aliyense adzakhala ndi zaka zingati ndipo adzafuna chani.

Ndiye kodi ndingawatumizire munthu wina? Eya, ndawatumizira kale mchemwali wanga, koma ndinamupatsa zoti akanene tsiku loyamba. Akawauze kuti chilichonse chomwe akufuna kuchotsa pochepetsa bajeti azimufunsa kaye, akafunse za phokoso pulani isanavomerezedwe ndipo ayankhe molemba kuti siling'i ndi pansi padzakhala chani chomeza mawu, aonetsetse kuti paipi ya utsi yajambulidwa mpaka pomwe ikutulukira panja, aike sofa ndi tebulo pa pulani kaye kenako masoketi, ndipo masiku obwera pamalo omangira alembedwe ndi madeti ake. Amene mumafuna wojambula woti angokopera chithunzi chomwe mwabweretsa, awa simugwirizana nawo, adzakufunsani mafunso mpaka mutope ndipo zina adzakukanizani. Komanso ngati mnyumba mwanu muli wogwira ntchito usiku amene amagona masana, kapena mumakhala anthu ambiri a misinkhu yosiyana nthawi zonse, ganizirani kawiri za khitchini yopanda chitseko, olo wojambula akhale waluso bwanji.

Mwezi wamawa bambo aja akubweranso ndi kalipentala kudzatsitsa mapanelo aja kuti aike timizere tamphira tapansi amayi anga asanabwere, ndipo tagwirizana kuti pa ulendo womwewo aone khoma la pakati pa chipinda cha mtsikana wanga ndi kasitolo kakang'ono kali pambali pake, poti silikunyamula denga ati likhoza kugwetsedwa masiku awiri okha chipinda chake nkukula ndi mita imodzi ndi theka, mabokosi a mmenemo tidzawapezera malo mmwamba mwa makabati aja.